Kufika Kachiwiri kwa Tiyamike

Yosefina atalandira foni yoti mkulu wake Tiyamike wabwera ali moyo, anasiyira mnzake tomato pamsika wa Kapata n'kuthamangira minibasi ya ku Madzimoyo, patapata imodzi ikuvuka. Ankayesa kuti akapeza mudzi uli nthungululu zokhazokha. Ayi ndithu. Anapeza azimayi ataumitsa nkhope ngati awabera mbuzi, mlendoyo atakhala yekha pakhonde la nyumba ya malemu amayi awo, kathumba kake kali pamiyendo.

Mlandu wake unali uwu. Kuno munthu amene maliro anamupita ali kutali salowa m'mudzi ngati wodzagula nkhuku. Akangoona madenga amayamba kulira, azimayi n'kutaya zimene akuchita, kumuchingamira, kulira naye mpaka pakhomo pa malemu. Kenako akuluakulu amamuperekeza kukaona manda. Akabwerako kumeneko ndiye kuti wafika. Asanatero ndi mlendo basi, ngakhale mchombo wake unagwera pabwalo lomwelo.

Tiyamike anali atamva. Mayi wogulitsa zitumbuwa kumsewu anamuzindikira, n'kumuuza kuti amake anatisiya chaka chatha. Nkhaniyo inathamanga patsogolo pake pa njinga. Azimayi pachitsime anatula ndowa, anamangitsa zitenje m'chiuno, ena misozi inali italengeza kale. Iye anangobwera phee, maso ouma gwaa, n'kuwomba m'manja kuti, "Muli bwanji nonse?" Ha! Muli bwanji! Mwana woyamba kubadwa, amake ali kumanda, iye n'kumafunsa moni ngati wachokera kuchigayo. Atafika pakhomo anangopempha madzi akumwa.

Tiyamike anachoka m'mudzimo ali mtsikana. Masiku amenewo anthu a ku Mozambique anali atathawira kuno chifukwa cha nkhondo, ndipo mmodzi wa iwo, Domingo, mmisiri wa matabwa, anabwera kudzakhoma mabenchi a m'tchalitchi. Anakhoma mabenchi, anakhomanso mtima wa Tiyamike. Nkhondo itatha anapita naye kwawo ku Tete. Poyamba uthenga unkabwera, kenako unayamba kupatukana, kenako zii. Patapita zaka zambiri mfuti zinaliranso kumeneko, ndipo abale anamva kuti mudzi umene ankakhala wapsa wonse, anthu amwazikira ku Malawi. Ambiri anati wafa. Amayi awo okha anakanitsitsa kuti asamuperekere Misa ya akufa, ndipo atadwala anauza Yosefina ndi mlongo wake Andireya kuti munda wa kuchulu, umene ankalimamo mtedza wa chalimbana, ndi wa Tiyamike. "Akadzabwera adzadya chiyani?" anatero malemuwo.

Ndiye wabweratu. Wamasiye, wopanda mwana, wochokera kumsasa wa othawa kwawo kumene anakhala mpaka msasawo unatsekedwa. Kupatula munda uja analibe chilichonse pansi pano, ndipo nyenje zinali zitayamba kale kulira, kutanthauza kuti mvula ili pafupi.

Madzulo ake banja linakhala pansi pa mtengo wa mango. Andireya si munthu woipa, tisamunamizire. Ndiye anafolera nyumba ya amake, ndiye anawanyamula pangolo kupita nawo kuchipatala, ndipo pakhomo pake pali pakamwa pambiri pofuna kudya. Koma munda wa kuchulu anali atauyang'ana kale ndi diso la soya.

"Ine mawu a amama sindikuwakana," anatero Andireya, akuzunguza chipewa m'manja. "Koma munthu amene sanalire maliro, sanaone manda, angaponye bwanji khasu m'munda wa malemu? Chaka chatha unagonera, chaka chino ugonerenso? Mvula ikangogwa ine ndilowetsamo ng'ombe."

Onse anayang'ana amayi awo aang'ono, a Edita, amene anatsala ngati kholo pamtundu wawo. A Edita ndi mayi wamfupi, wolankhula pang'ono, amene anakwatiwapo kumalire cha ku Chadiza n'kubwerako zaka zimene zigawenga zinkawoloka kudzaotcha nkhokwe. Anamuyang'ana Tiyamike nthawi yaitali.

"Ine kumanda sindiperekeza mwala," anatero. "Mkulu wanga analira mwana ameneyu mpaka maso anachita khungu. Iyeyu msozi ngakhale umodzi."

Tiyamike anangoweramitsa mutu, akupotokola nsonga ya chitenje.

Yosefina anamutenga kupita naye kwake m'tauni, kukomboni ya Nabvutika, poti ukanamusiya kuti? Chibale n'fupa, sichiwola. Koma tinene zoona, naye mtima unamuwawa kwambiri. Iye ndiye ankawatembenuza amake pamphasa, kuwasambitsa, kuwamva akuitana dzina la munthu amene sankayankha. Atatsika minibasi, pokwera kamtunda kopita kunyumba, Yosefina analephera kudzigwira.

"Asisi, kodi kumene munaliko anakuchotsani mtima? Mukanangonamizira bwanji? Anthu amapaka malovu m'maso pamaliro a apongozi awo, inu mwalephera pa amayi anu okubalani?"

"Pepa, mng'ono wanga," anatero Tiyamike motsitsa mawu. Ndi mmene ankalankhulira nthawi zonse, ngati m'nyumba muli wodwala.

Pakhomo Tiyamike anali munthu wosavuta. Yosefina akamabwerako kumsika ankapeza pabwalo posesa, mbale zili mbuu pathandala, madzi ali m'migolo. Koma mkulu wakeyo sankaseka, sankaitana munthu ali patali, ngakhale nkhuku ankaziingitsa ndi manja okha. Yosefina, amene mawu ake amamveka kuchokera kumatebulo a tomato mpaka kokwerera mabasi, zinkamusowetsa mtendere. Ankati mwina ndi kunyada kwa anthu oti anayenda maiko.

Ndiye kunabwera nkhani ya makoswe. Yosefina anapatsa mkulu wake zitenje ziwiri, china cha bungwe la amayi a Katolika, chatsopano ndithu. Tsiku lina pozichotsa pachingwe anapeza nsonga zake zitanyenyeka, zili mabowo okhaokha. Anatukwana makoswe a ku Nabvutika ndi makolo awo omwe. Anabwereka mphaka kwa aneba, anatchera misampha kuseri kwa kabati, mpaka msampha wina unagwira chala cha amuna ake. Koma makoswe akewo anali odabwitsa, zitenje za Yosefina sankazikhudza, ufa sankaugwira, ankangofuna nsonga za zitenje za Tiyamike.

Loweruka lina masana, kutsidya kwa ngalande kunagwa maliro. Mtembo utafika kuchokera kuchipatala, azimayi anabuma mokweza mpaka agalu anayamba kuuwa. Yosefina anali atabwerako msanga kumsika. Analowa m'nyumba kukatenga chitenje choti apitire kumaliroko, anaitana mkulu wake, osayankha. Anamupeza kuseri kwa nyumba, pakati pa khoma ndi mpanda, atanyonyomala. Thupi lonse linkagwedezeka ngati wagwidwa malungo. Nsonga ya chitenje anali ataikankhira m'kamwa, ataluma ndi mphamvu zake zonse, mitsempha ya m'khosi itatupa. Phokoso ngakhale pang'ono. Pansalupo panali magazi a m'nkhama.

"Mayo ine," anatero Yosefina. "Khoswe uja ndinu?"

Anakhala pansi pomwepo, pamatope a madzi otsukira mbale, n'kudikira mpaka kugwedezeka kuja kunatha. Tiyamike anatulutsa nsalu m'kamwa, anaiyang'ana, n'kuyamba kufotokoza ndi mawu ake aang'ono aja.

Anthu a mfuti anafika m'mudzi mwawo m'mawa, azimayi ali kumtsinje. Azimayiwo analowa m'bango n'kugona m'matope. Ali mmenemo ankaona kumtunda, ndipo Tiyamike anaona amuna ake akuwatulutsa m'shedi yawo ya matabwa, pensulo ikadali kukhutu. Anaona zonse. Mfuu itayamba kukwera pakhosi, mayi amene anali naye pafupi, wobereka khanda, anamukankhira chitenje m'kamwa n'kumunong'oneza kuti, ukangolira tafa tonse. Analuma. Analuma tsiku lonse, anthu aja akuzungulira m'mphepete mwa mtsinje. Analuma ulendo wonse wa m'tchire mpaka kuwoloka malire.

"Kumsasa ndinati ndilire tsopano, koma sizinatuluke," anatero. "Kulira kukabwera, mano amatseka okha. Tsiku lija kumsewu, mayi wa zitumbuwa atandiuza za amama, ndinakhala kuseri kwa golosale mpaka kunandisiya. Ndimafuna, Yosefina. Poyandikira chitsime ndinkapemphera kuti zituluke. Chimene chinatuluka ndi moni."

"A Domingo anaikidwa ndi ndani?"

"Sindikudziwa. Palibe amene anawalira."

Yosefina anachita manyazi mpaka anasowa poyang'ana. Kenako manyaziwo anasanduka ukali, poti ndi mmene alili. Anaimirira, matope ali kumbuyo konse.

"Mawa ndikupita kumudzi. Ndikawauza onse, kuyambira amama aang'ono mpaka mbuzi za Andireya."

"Iyayi!" Tiyamike anamugwira mwendo. "Kumsasa nkhani imeneyi ndaifotokoza kwa aliyense wobwera kudzatifunsa, mpaka inakhala ngati si yanga. Sindikufuna kuti azikandiloza pachitsime kuti uyo anaona amuna ake akufa. Munda upite, ngati n'choncho."

"Upite kuti? Mudzadya chiyani? Mukhala m'kachipinda kangaka mpaka liti, kumasesa pabwalo pa eni?"

Pamenepa Yosefina anagwira njakata. Kukamba wamuletsa, kukhala chete ndiye munda ukupita. Sabata imeneyo anagulitsa tomato mutu uli kwina, mpaka anakalipira kasitomala wosalakwa. Chizimalupsa chinagwa, fungo la dothi linadzaza m'tauni, ndipo iye ankadziwa kuti Andireya wayamba kale kudzoza mafuta pulawo.

Nzeru inamubwerera pamaliro a kutsidya kwa ngalande aja. Mwana wa malemu anafika mochedwa kuchokera ku Kitwe, mawu atamuthera m'basi. Atatsika pamsewu, mnzake wina anamugwira mkono n'kuyamba kulira m'malo mwake, azimayi n'kutuluka kukawachingamira onse awiri. Palibe amene anafunsa kuti mfuu yatuluka pakhosi pa ndani. Paja amati maliro n'kulirana.

Anapita kumudzi yekha. Anawapeza a Edita akusenda mtedza wa mbewu pakhonde.

"Amama, Lachitatu asisi akubwera kudzafika."

"Anafika kale. Mlendo safika kawiri."

"Uyu afika kawiri. Adzayambira kumsewu."

"Adzalira?"

"Kulira kudzamveka," anatero Yosefina, akuyang'ana kumbali.

A Edita anaponya makoko pansi. Andireya atamva anangoseka, nati ng'ombe zake zilowa m'munda Lachinayi, kaya kubwere sewero kaya kusabwere. Yosefina anabwerera m'tauni mtima uli m'mwamba. Azimayi akapanda kutuluka m'nyumba, ndiye kuti mkulu wake wakanidwa kawiri pamaso pa mudzi wonse, ndipo kachitatu kulibe.

Lachitatu Yosefina ndi Tiyamike anatsika minibasi ku Madzimoyo dzuwa litakwera. Anakana a njinga, anayenda pansi. Mitambo inali itaunjikana cha ku Mtenguleni, kunja kukutentha kwadzaoneni. M'minda anthu anali atapanga kale mizere. Atadutsa munda wa kuchulu, Tiyamike anaima pang'ono n'kuyang'ana udzu umene unameramo.

"Ndikuopa," anatero atayandikira mitengo ya bulugamu ya kumayambiriro kwa mudzi.

"Inu ntchito yanu ndi kuyenda basi. Zapakamwa mundisiyire ine, ndi munda wanga umenewo."

Madenga ataoneka, Yosefina anamangitsa chitenje, anagwira mkono wa mkulu wake, anakoka mpweya. Poyamba zinatuluka zouma, ngati akuitanira malonda, mpaka naye anadzimvera chisoni. Koma atangotchula kuti amama, anakumbukira zala za amake zikufufuza nkhope yake n'kumufunsa kuti, ndiwe Tiyamike? Pamaliro penipeni paja iye sanalire mokwanira, anali kalikiliki ndi nkhuni ndi miphika ya alendo. Tsopano zinabwera zonse.

"Amama ine! Amama mwagona! Dzukani muone, mwana wanu uja wabwera! Munkamufunsa uja wabwera, amama ine!"

Mudzi unali zii. Nkhuku zinathawira kunsi kwa nkhokwe. Anadutsa nyumba yoyamba, chitseko chotseka. Yachiwiri, mayi wina anasuzumira pawindo n'kubwezanso mutu. Yosefina ankalira uku maso akuyendayenda, mtima ukugunda kuti kalanga ine, ndamuchititsa manyazi mwana wa amayi anga.

Kenako kuchokera kuchitsime kunamveka mfuu yoyankha. Anali Loveness, mkazi wa Andireya yemweyo. Ankathamanga ndowa itatayika, manja ali kumutu, akulira ndi mtima wonse. Pambuyo pake panabwera ena awiri, kenako gulu. Kuno mfuu siigonekedwa panjira, umayamba wayankha, mafunso pambuyo. Loveness anafika n'kumukumbatira Yosefina, akusisima.

"Alamu, ndani watisiya?"

"Amama!"

"Amama ake ati?"

"Omwe aja!"

Loveness anatsegula maso, anaona Tiyamike, anamvetsa. Anazengereza pang'ono, poti soya ujanso ndi wa ana ake. Koma misozi inali itatuluka kale, ndipo apongozi akewo ankamukonda. Anapita mbali inayo, anagwira mkono wina wa Tiyamike, n'kupitiriza kulira. Ena aja ataona choncho anatsatira. Anayenda chigulu mpaka pakhomo pa malemu, azibambo akutuluka m'makola kudzaona.

Pakhondepo panali pataima a Edita, manja ali m'chiuno.

"Chete!" anatero, ndipo kulira kunazilala. "Mwadzidzimutsa mudzi wonse. Yosefina, khosi lako tonse timalidziwa, ulibe chotiuza. Ine ndimati ndimve uyu."

Anatsika pakhonde n'kubwera pafupi. Tiyamike anali ataweramira pansi, azimayi awiri atamugwira m'mikono kuti asagwe. Thupi linkagwedezeka. Manja anali ogwidwa, komabe anali atapeza njira, anapinda khosi n'kuluma mpango umene unali paphewa. Maso ali ouma, mitsempha ya m'khosi ili njo.

Yosefina anatsegula pakamwa kuti aulule zonse, chiletso cha mkulu wake chipite uko. Koma anaona nkhope ya a Edita ikusintha. Mayiwo anayang'ana mpangowo, anayang'ana nsonga zonyenyeka za chitenje, kenako anatembenuza mutu pang'ono kuyang'ana kumwera, kumene kuli Chadiza. Manja anachoka m'chiuno.

"Munabisala m'chiyani?" anafunsa motsitsa, moti anamva ndi okhawo amene anali pafupi. "Ife tinabisala m'chimanga."

Tiyamike anadzutsa maso.

A Edita anagwira mpangowo ndi zala ziwiri, monga mmene umachotsera chinthu m'kamwa mwa mwana. Mano anakana. Anakoka pang'onopang'ono, dzanja lina likusisita tsaya.

"Lavula, mwana wanga. Lavula. Kuno kulibe wakumva amene angakuphe. Tonse tili pano ndi ako. Lavula."

Nsalu inatuluka. Pakamwa panatsala pali pululu. Kenako kunabwera liwu loipa, losasalala, ngati chitseko chimene chakhala zaka osatsegulidwa. Linakwera, linasweka, linakweranso, mpaka ana anathawira kumbuyo kwa amayi awo. Ndipo mawu oyamba amene anatuluka sanali amene mudzi unkadikira.

"A Domingo ine! Amuna anga ine! Ndinakusiyani pabwalo ngati galu, amuna anga ine!"

Azimayi anayang'anana. Atsikana okwatiwa chaposachedwa sankadziwa n'komwe kuti Domingo ndi ndani. Yosefina mtima unangoti phwii, kuti tsopano anena kuti walira mwamuna, amake wawasiya. Koma mayi wina wachikulire kumbuyo anati, "Si uja wa mabenchi?" Wina anati, "Yemwe uja, woseka ndi mano onse." A Edita anakhala pansi pafumbi, anakokera mutu wa Tiyamike pamiyendo pawo, n'kukweza mawu awo okalamba.

"Mkamwini wathu ine! Unafera kutali wopanda wokutseka maso, mwana wa eni ine!"

Basi mudzi wonse unagwa nawo. Analira munthu amene Lamulungu lililonse amakhalira mabenchi ake, amene ena a iwo ankamutcha wothawathawa ali moyo. Andireya, amene anakana kudya naye mbale imodzi masiku a chibwenzi aja, anavula chipewa n'kukhala pa mtondo wogwa, nkhope ataibisa m'manja. Atamulira mokwanira mwamunayo, Tiyamike anayamba kuitana amake, ndipo pamenepo sipanafunikenso womuthandiza. Yosefina anangokhala pambali, mawu atamuthera, akumva ngati wina wamutula thumba la chimanga pamutu.

Dzuwa litapendeka anapita kumanda, a Edita patsogolo, Andireya akukusa tchire ndi chikwanje. Tiyamike anagwada pamtumbira, anazula udzu ndi manja, anawauza amake kuti wabwera. Anapemphera Atate Athu onse pamodzi. Pobwerera anasamba m'manja pamphambano, ndipo Loveness anathamangira kukagwira nkhuku.

Nkhani ya munda sinatenge nthawi. A Edita analowa m'nyumba ya malemu n'kutuluka ndi khasu ndi chikho chotseka ndi chitsononkho, mmene munali mtedza wa chalimbana umene mkulu wawo anasunga. Anauika pamiyendo pa Tiyamike, n'kuyang'ana Andireya.

"Wamva kapena sunamve?"

"Ndamva, amama." Anakanda kumutu, anayang'ana mitambo. "Koma ng'ombe ndinazikonza kale za mawa, ndipo munda uja wagonera, ndi khasu lokha asisi sangauthe. Zilowabe. Mizere yake ikhala ya mtedza."

"Soya wako ukadzale padenga," anatero Yosefina ndi kamawu kosasa ngati ka bakha, ndipo anthu anaseka kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo.

M'mawa mwake Yosefina anadzuka khosi litatupa, sankatha ngakhale kuyankha moni. Mumtima anati tomato wa lero agulitsa ndi manja. Ananyamuka kupita kumsewu kutagwa kamvula, njira ili yofewa. Podutsa kuchulu anaona Andireya ali pambuyo pa ng'ombe, dothi lofiira likutembenuka, ndipo kumapeto kwa munda mkulu wake atawerama, akuphwanya zibuma ndi khasu la amake. Anafuna kutsanzika koma mawu analibe, ndiye anangokweza dzanja n'kupitirira.

Atafika kutsidya kwa dambo, kutali ndithu, anamva wina akukuwa kumbuyo. Liwu lalikulu, losasa pang'ono, lofanana ndi la malemu amake akamaitana ana kudambo. Anatembenuka. Tiyamike anali atakwera pachulu, manja ali kukamwa.

"Yosefinaaa! Loweruka ubwere ndi mchere! Ndi zitenje zinaaa! Zija anadya makoswe!"

Mbalame zinauluka m'tchire, ng'ombe za Andireya zinaima. Yosefina anakhala pansi panjira pomwepo, akuseka kopanda mawu, misozi ikutsikira m'khosi. Minibasi yoyamba inamusiya.